Nsomba Yomwe Ndinadya ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chimanga chathu chinatha mvula isanagwe n'komwe. Ine ndine mkamwini, ndinakwatira ku Milepa, ndipo mkamwini wopanda chakudya m'nyumba amayenda chozemba pamudzi pa eni. Ndinkapalasa kabaza pakati pa Milepa ndi Mauwa, koma njinga zinachuluka kuposa okwera. Mkazi wanga, mai a Esinati, sanandiletse. Anangoti, "Anzanu akupitawa ali ndi miyendo itatu?" Ndinagulitsa njinga n'kukwera basi.

Miyezi iwiri ndinagona pansi m'kachipinda ka Yusufu, mnzanga wa ku Mauwa amene anatsogola. Iye ndiye anandipezera ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu wina wogulitsa matayala. Lachisanu lina bwanayo anandikweza m'pikiapu pamodzi ndi matenti ndi ndodo zowedzera, tinakatsikira pa damu lalikulu kunja kwa tauni. Magalimoto anali mbwee m'mbali mwa madzi. Mumtima ndinati lero ndiye tidya nsomba.

Sindinadziwe kuti anthuwo sawedzera ndiwo. Unali mpikisano. Amawedza nsomba yomwe iwo amati kaapu, yamamba akuluakulu, ina yonenepa ngati mwana wa mbuzi. Akaikoka amaigoneka pa kamatiresi konyowa, kuiika pa sikelo, kuijambula, kuipaka mankhwala pamlomo pomwe mbedza inalasa, ena mpaka kuipsompsona. Akatero amaibweza m'madzi. Pofika Lamulungu, amene nsomba zake zalemera kwambiri amatenga chikho. Nsomba zina zinali ndi maina, ndipo ankazizindikira ngati abale awo.

Ntchito yanga ku damuko inali kuphika nyambo. Nyamboyo inali chimanga. Thumba lathunthu ndinkaliviika masiku awiri, kuliwiritsa mu mgolo, kuthiramo manyuchi, kenako kupalasa kabwato ndi kukakhuthula pakati pa damu kuti nsomba zisonkhane. Tsiku loyamba manja anakana. Bwana anakuwa kuchokera kumtunda, "Thira! Thira chonse!" Ndinathira. Sabata yomweyo mai a Esinati anatumiza uthenga wa mawu pa foni kuti ufa watha, ana akudya mango aawisi owiritsa. Ndinamvera uthengawo dzanja lina lili m'ndowa ya chimanga chofunda. Mpaka lero ndikamva fungo la chimanga chowira, malovu amandiwawa.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ine n'kutsala ndi ya buledi ndi mapazi a nkhuku. Cholakwa changa chinali chithunzi. Tsiku lina bwana atakondwa anandinyamulitsa chinsomba chachikulu n'kundijambula, ine n'kutumiza kumudzi. Mai a Esinati anachionetsa mudzi wonse. Kuyambira pamenepo foni sinapume. Apongozi ankafuna malata, alamu anga a Fulaye ankafuna foni, wina nsapato za mpira. Palibe anafunsa kuti kodi mumagona pati. Nanenso sindinawauze kuti nditangojambulidwa, nsombayo inabwerera m'madzi, ine n'kukadya buledi wouma kuseri kwa tenti.

Kusungulumwa kwa pa damu n'kwina. Anthu ndi ambiri, akuseka, akuwotcha nyama, koma dzina lako limamveka pokhapokha kabelu ka pa ndodo yowedzera kakalira kusonyeza kuti nsomba yakodwa. Tsiku lina mbedza inandilowa m'chala chachikulu. Bwana anaizula ndi pulayala, anandiponyera tepi n'kunena kuti ndifulumire, nsomba yakodwa. Botolo la mankhwala a nsomba linali pomwepo m'thumba mwake. Chala chimenecho sichimvanso kanthu, ngakhale ndikachiika pamoto.

Chaka chachitatu, Lamulungu lina dzuwa likuswa mtengo, bwana anakoka nsomba yaikulu kuposa zonse zomwe ndinaonapo. Anachedwa nayo pojambula. Poibweza m'madzi inangotembenuka, mimba kumwamba. Anaigwedeza, anaiyankhula, koma inali itapita. Oweruza mpikisano anamuchotsera mapointi, iye maso ali psuu. Anandipatsa fosholo nati, "Kaikwirire kuseri kwa mitengo uko. Mozama."

Ndinainyamula paphewa. Dzenje ndinakumbadi. Koma nditaiyang'ana, mafuta akuonekera pamimba, ndinakumbukira kuti kwathu kamulu ka matemba timagawana anthu asanu ndi mmodzi. Ndinakwirira dzenje lopanda kanthu. Nsombayo ndinaitumbula, n'kuitana Amalawi awiri amene ankagwirira mabwana ena, tinaiwotcha m'katchire. Sindinama, inakoma. Utsi ndi umene unatigwiritsa. Mzungu wina anabwera, anatijambula, pofika madzulo chithunzicho chinali m'mafoni a onse a mpikisano.

Bwana sanandimenye. Anandiyang'ana ngati wapeza chimbudzi pakhomo pake. "Nsomba imeneyo inali ndi zaka zambiri kuposa ana ako," anatero. "Ndiwe munthu wamtundu wanji?" Ndinati, "Bwana, inali itafa kale." Anati nditenge katundu wanga. Ndinazungulira miyezi inayi ndikusaka maganyu, wopanda mapepala, ndikuthawa galimoto iliyonse ya apolisi. Kumudzi ndinkangoti ntchito yavuta pang'ono. Pomaliza Yusufu anandithandiza kukwera basi yobwerera kumudzi, ndili ndi chikwama chimodzi ndi bulangete.

Kuchokera pa msewu waukulu ndinakwera kabaza, kunyamulidwa ngati katundu m'njira yomwe ndinkapalasa ndekha. Nyumba ndinaipeza ya malata, yopaka laimu, yokongola ndithu. Ndi thukuta langa, koma yaima pa dothi la eni. Tsiku loyamba anandiphera nkhuku. Tsiku lachiwiri anatsegula chikwama n'kupezamo zovala zanga zokha, ndipo anthu obwera kudzandilonjera anayamba kuchepa.

Tsiku lachitatu ndinakhala pakhonde ndi mai a Esinati ndi alamu a Fulaye, ndinawauza zonse. Za chimanga cha m'madzi, za chala, za dzenje lopanda kanthu. Ndinkayembekeza kuti wina agwira pakamwa, anene kuti azungu amenewa alibe umunthu. Ndinanyamula mawu amenewo zaka zitatu, ndikudziuza kuti kwathu kokha ndi kumene adzandimvetse.

Mai a Esinati anapitiriza kusenda nandolo. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Ndiye ntchito ya zaka zitatu munaisinthanitsa ndi ndiwo za tsiku limodzi?"

A Fulaye anakhosomola, anasendeza mpando kufupi ndi ine.

"Alamu, chimangacho chimawira maola angati?"

"Bwanji?"

"Ayi, ndikungofunsa. Nanga malo anuwo analowa wina?"

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anaika lichero pansi, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Bambo a Esinati, musakhale ouma mtima. Mbuzi ziwiri zija tikhoza kugulitsa, thiransipoti ikwana. Apatseni achimwene nambala ya mzunguyo. Iwowa sangakachite zomwe munachita inu. Nsomba sadya, imawatulutsa ziwengo."

Ndinatulutsa foni. Chala chija sichinkatha kudina bwino, ndiye a Fulaye anailanda n'kufufuza nambalayo okha.