Zimphira ziwiri zimene ndinakolezera mbaula

Woyamba kundiuza anali mnzanga wa kutchalitchi, mayi amene timakhala naye benchi limodzi, wogulitsa zitumbuwa pasiteji. Anandipeza m'munda wa mpunga ndikuzula udzu, madzi ali m'mawondo.

"Amayi, inu muli kuno? Mpongozi wanu ndamuona ndi mtolo pamutu, wakwera basi yopita kwawo ku Dwambazi. Ndamufunsa kuti bwanji osakwera mfuti ya amuna ako ija, iye osaseka n'komwe."

Udzu umene unali m'manja mwanga unagwera m'madzi. Sindinafunse kuti chachitika n'chiyani, chifukwa mlandu wake ndinkaudziwa, ndipo mwini mlanduwo ndinali ine.

Ndiyambe bwinobwino. Chinali chaka chachiwiri matipate atalowa, nthawi imene aliyense anali ndi chitenje cha chipani ndipo aliyense wokhala ndi galimoto ankanyamula anthu popanda womufunsa. Mwana wanga woyamba anali atasiya kuyendetsa thirakitala kuminda ya nzimbe ku Dwangwa, n'kupeza kagalimoto kakale kotsegula kumbuyo. Ankayendetsa matola kuchokera paboma kukafika ku Dwangwa, kunyamula anthu, matumba a mpunga, madengu a nsomba, nthawi zina ndi mbuzi zomwe. Bambo ake anali atatisiya kale, choncho ine, iye ndi mkazi wake tinkadya za galimoto imeneyo. Ndimathokoza Mulungu, sitinagonepo ndi njala.

Mkazi wakeyo anabwera pachitengwa, tinachita kukamupempha kwa amalume ake. Anali mwana wofatsa, wolankhula motsitsa ndi kalilime kakumpoto kaja, ndipo nthawi imeneyo anali ndi pathupi pa miyezi isanu. Mdzukulu wanga woyamba.

Paipi yotulutsa utsi ya galimotoyo, imene iwo amati ekizozi, inali itadyeka ndi dzimbiri. Mwana wanga anakagula ina ku Lilongwe. Sinali ya mtundu wa galimoto yake, koma wogulitsa anamuuza kuti ikwana. Inali yonyezimira moti ndinadziyang'anirapo nkhope. Anaiimika pakhonde, ndipo kapepala kena kokulunga anakaika pawindo la kukhitchini, n'kunena kuti amanga mawa lake.

Usiku wonse kunagwa mvula ya mu Febuluwale. M'mawa makala anali chinyontho chokhachokha, palafini atatha, machesi atatsala mitengo itatu. Mpongozi wanga anali atapita kumjigo. Inu amayi anzanga mukudziwa zimene timachita makala akakana: timafuna kachidutswa ka chubu cha njinga kapena patapata wakutha, n'kuyatsa pansi pa makala. Ndinayang'ana pawindo, ndinamasula kapepala kaja, ndipo ndinapezamo zimphira ziwiri zakuda, zonenepa, zoboola kawiri, ndi kachitsulo kozungulira ngati chibangili. Mumtima ndinati izi ndi zinyalala za mwana wanga, za paipi yakale ija. Ndinaponya zimphira zonse ziwiri pambaula. Zinayaka bwino kwambiri, utsi wakuda tolotolo, ndipo tiyi anapsa msanga. Kachibangili kaja ndinakasiya pathumba la makala.

Titamwa tiyi, mwana wanga anapita pawindo.

"Kapepala kanali apa kapita kuti?"

Anafunsa mkazi wake, osati ine. Mwana safunsa mayi ake ngati wakuba.

"Sindinakaone," anatero mpongozi wanga.

"Amasesa muno ndani? Si iwe? Mmenemo munali mphira zokolekera paipi ndi gasiketi. Ukudziwa kumene ndazitenga?"

Ine ndinali chikhalire pamphasa, kapu ili m'manja. Mawu analipo pakhosi, ochepa chabe. Ndikanangoti, mwana wanga, ndine, sindinadziwe. Akanadandaula, mwina akanaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinachita manyazi kuoneka wopusa pamaso pa mtengwa, ine amene ndinkamuphunzitsa kusamala m'nyumba. Ndinati ndidikire mtima wake uphwe kaye. Iwo ali kalikiliki kufufuza kudzala, ndinatola kachibangili kaja n'kukamanga pamfundo ya chitenje changa. Kukapereka kukanandiulula.

Galimoto ikaima, pakhomo sipalowa kanthu. Mwana wanga anaitana mnzake wowotcherera njinga pamsika. Anakoleka paipiyo ndi waya wokhuthala, ndipo polumikizira, pamene panayenera kukhala gasiketi, anakulungapo lata la chitini cha mafuta ophikira. Ataliza injini, galimoto yonse inayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Galasi loonera kumbuyo linkavina. Atangochotsa phazi pamoto, kunamveka phaa! phaa! Nkhuku zinabalalika, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana anatuluka atanyamula mwana chadodolido.

Musaiwale kuti nthawi imeneyo makutu a anthu anali asanaiwale mfuti zimene zinalira dziko likusintha. Galimoto ikamatsetsereka kapena mwana wanga akamasintha giya, inkaphulika choncho, ndipo amayi okwera kumbuyo ankagona pansi. Pasiteji anaipatsa dzina loti mfuti. Anzake oyendetsa matola ankamuseka.

"Asilikali afika! Kwerani iyo ngati mwalemba kale wilo!"

Anthu anayamba kudikira magalimoto ena. Mwana wanga ankabwera kunyumba manja atachita dzanzi ndi chiwongolero, mutu ukuwawa ndi utsi umene unkalowa kutsogolo. Anasintha mapulagi, osatheka. Anathira mafuta a pamalo ena poganiza kuti oyambawo anali osakaniza, osatheka. Analimbitsa waya uja, kunjenjemera n'kuwonjezeka. Ndipo tsiku lililonse mkwiyo wake unkatera pa munthu mmodzi.

"Ukaona chinthu chimene sukuchidziwa, umafunsa! Kwanu munaonako galimoto inu?"

Mpongozi wanga ankangoyang'ana pansi. Ine ndinkati, "Basi mwana wanga, zatha, munthu ali ndi pakati uyu," ngati mkhalapakati wabwino. Lamulungu sindinapite kutsogolo kukalandira mgonero. Mnzanga wa zitumbuwa atandifunsa, ndinati bondo likundivuta. Bodza lina pamwamba pa linzake, m'nyumba ya Mulungu.

Patapita milungu iwiri, m'pamene mnzangayo anandipeza kumunda kuja. Nditafika kunyumba ndinapeza mpongozi wanga atasesa bwalo lonse, atadzaza mitsuko, atachapa ndi zovala zanga zomwe n'kuziyanika. Mwana wanga anati anamuuza m'mawa kuti ngati sangavomere kulakwa kwake, apite akaphunzire kwa amake. Iye anangomanga mtolo.

Masiku atatu ndinagwada m'chipinda, koma pemphero silinkakwera. Ndikati Atate, ndinkamva fungo la mphira. Tsiku lachinayi mwana wanga anati akupita ku Dwangwa kwa makaniko wina wachikulire amene ankakonza mathirakitala kale. Ndinati ndipite nawo ndikagule shuga. Sikunali kufuna shuga. Nzeru yanga inali yoti ndikagwetse kachibangili kaja pansi pa mpando wa galimoto, iye adzakapeze yekha, aziti kanagwera mmenemo. Muone mmene mtima wa munthu umakhotera, ngakhale wa mayi wovala yunifolomu ya Lachinayi.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Mano ankagundana, mapazi ankayabwa pansi, ndipo potsikira pamlatho wa Bua galimoto inaphulika katatu, bambo wina wa panjinga n'kugwera m'tchire. Ndinaganiza za mpongozi wanga ndi mimba yake, mmene ankakwerera pampando womwewo popita kusikelo. Mfundo ya chitenje ndinaigwira njira yonse, koma zala zinakana kumasula.

Makanikoyo anali bambo wa imvi, wovala kakofia koyera. Anandipatsa moni mwaulemu, "Mwafika mayi, khalani apa pamthunzi," kenaka anatembenukira kwa mwana wanga.

"Ndakumvani muli kutali, adalaiva. Ndimati boma lasinthanso."

Sanagwire sipanala. Anati injini ilire, n'kutenga chisanza kutseka nacho kukamwa kwa paipi. Pansi pa galimoto panamveka kuti fyoo, ngati njoka. Anaithimitsa, anadikira izizire, anapaka thovu la sopo polumikizira paja, ndipo atailizanso thovulo linatupa n'kumaphulika. Anatiitana tonse awiri kuti tione mwaye wakuda umene unali utajambula mzere pachitsulo.

"Apa ndi pamene mfuti yanu ili. Pakulowa mphepo. Mukachotsa phazi, mafuta otsala amakumana ndi mphepoyo m'paipi yotentha, ndiye amayaka. Injini yanu ilibe mlandu, mapulagi munangowavutitsa. Nanga waya uyu? Mwamanga paipi ngati mukumanga mbuzi! Chitsulo chikakhudza chitsulo, galimoto yonse imavina. Pamafunika mphira kuti izimeza kunjenjemerako. Kodi sanakupatseni pogula?"

"Anandipatsa, bambo. Mkazi wanga anakataya kudzala."

"Pepani. Mphira ndidula kutayala lakale, zimenezo si nkhani. Koma gasiketi ya paipi iyi ndilibe, kukamwa kwake n'kwachilendo. Mpaka ku Lilongwe."

Mawu akuti mkazi wanga anakataya aja, kuwamva akunenedwa kwa mlendo, kutali ndi kwathu, anandilasa kuposa masiku onse. Ndinaona kuti bodza langa layamba kuyenda lokha pamsewu. Ndinamasula mfundo ija, n'kutambasula dzanja.

"Kodi ndi aka?"

Makaniko anakatenga, anakayesa, n'kuti, "Ndi komweka, mayi." Kenaka anayang'ana ine, anayang'ana mwana wanga, n'kulowa pansi pa galimoto osanenanso kanthu. Mulungu amudalitse bambo ameneyo kumene ali.

Ndinamuuza mwana wanga zonse, za makala onyowa, za machesi atatu. Sanandikalipire. Anakhala pa tayala, anagwira mutu, n'kungoti, "Amayi. Milungu iwiri yonse, amayi?" Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Ntchitoyo sinatenge ola limodzi. Injini italira, inalira mofatsa ngati mphaka. Sitinabwerere kumwera. Tinalunjika ku Dwambazi, ndipo m'galimoto munali zii, moti ndinkamva kupuma kwa mwana wanga. Tinafika mpaka pabwalo popanda wotimva. Mpongozi wanga anali akupeta mpunga kuseri, ndipo anadzidzimuka kutiona.

Kwathu kuno apongozi sagwadira mtengwa, koma ine ndinamugwadira. Amayi ake anandigwira mkono kuti ndidzuke, akuti, "Asebele, mayi mnzanga, mutichititsa manyazi," koma ndinakana. Ndinanena pamaso pa amayi ake ndi amalume ake kuti mwana wawo sanataye kanthu, wotentha ndi wobisa ndine.

Iye anaika lichero pansi, n'kunena motsitsa monga mwa masiku onse.

"Ndinkadziwa, amayi. Pochokera kumjigo ndinamva fungo la mphira, ndipo kapepala kaja pawindo panalibe."

"Nanga osanena bwanji, mwana wanga?"

"Ndikanati chiyani? Mtengwa aloze chala apongozi ake, pakhomo pawo? Ndinkadikira inuyo."

Ankadikira ine. M'mawa uliwonse pondipatsa madzi osamba, madzulo aliwonse pamene ndinkati basi zatha, mwanayo ankadikira kuti nditsegule pakamwa. Anandisungira ulemu umene ine sindinamusungire.

Sanabwerere nafe tsiku limenelo. Amalume ake anati ankhoswe akhale pansi kaye, chifukwa mawu oti kwanu munaonako galimoto anali atafika m'makutu mwawo. Anagamula kuti akhale kwa amake mpaka atachira. Choncho mdzukulu wanga woyamba anabadwira ku Dwambazi. Sindinamulandire ndi manja anga, sindinamusambitse, ndinamuona mchombo utagwa kale. Chimenecho ndicho chindapusa changa, ndipo sindinachidandaule.

Anabwerera titakolola mpunga, khanda lili kumbuyo. Galimoto ija inayenda zaka zina zingapo isanafe, ndipo dzina la mfuti silinaichoke ngakhale inali itasiya kuphulika. Mwana wanga anaphunzira kufunsa kawiri asanakalipe. Ine ndinabwerera kumgonero. Mpongozi wangayo ndili naye mpaka lero, ndipo popeza maso anga afooka, mbaula amandikolezera ndiye. Sananditchulirepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Koma makala akanyowa amapita kukapempha moto kwa anansi, ndipo tonse awiri timadziwa chifukwa chake.

Ndalemba izi mwa sukulu yanga yochepa kuti ana ake adziwe mayi amene ali naye. Inu amene mwawerenga, mukamagwada mutikumbukireko pakhomo pano. Mukumbukire mwana wanga ndi adzukulu anga, makamaka mpongozi wanga amene anasenza mlandu wosakhala wake. Ine mundiike kumapeto, mundipemphere kuti m'masiku amene anditsalira ndisadikiritsenso munthu.