Wina Anasesa Pamphambano

M'mawa umenewo ndinapeza kuti pamphambano pasesa munthu wina. Tsache langa limasiya mizere yopendekera, poti ndine wamanzere. Apa mizere inali yozungulira, ya nthambi yamasamba, pamalo papang'ono ngati lichero, pakati penipeni pomwe msewu wa ku Chiputo umakumana ndi wa ku Malowera. Ndinaima, kaderno, kabuku kanga kolembamo, m'manja, khanda kumsana. Ndinangoyang'ana.

Ntchito yosesayo inabwera ndi enjinyeru wa ku Tete, patapita zaka zingapo Apwitikizi atachoka. Boma linkafuna kukonzanso msewuwo. Pamphambanopo panali chulu chachikulu chotchinga maso, ndipo kamiyau ina, galimoto lalikulu la katundu, inali itapha ng'ombe pomwepo. Enjinyeruyo anakhala masiku angapo akuyeza ndi chingwe, kunjuta kuseri kwa chulu kuti adziwe ngati woyendetsa angaone mwana akuoloka. Nyumba yathu ndiyo inali pafupi, ndipo atamva kuti kusukulu ndinafika kwarta kalasi, kalasi yachinayi, anandipatsa kaderno ndi lapizi.

"Kamarada mayi, chilichonse chodutsa, kamzere kamodzi. Kamiyau tsamba ili, njinga ili, ngolo ili, apansi ili. Muzilembanso kochokera ndi kolowera."

"Nanga zodutsa ine ndisakuona, a enjinyeru?"

"Muzisesa mchengawu dzuwa likamalowa, komanso musanapite kumunda. Mapazi ndi matayala adzakuuzani okha."

Anati adzabwera mvula ikatha, adzagumula chulu n'kukuza msewu. Mvula inatha, inabwera ina, inathanso. Nkhondo ya boma ndi zigawenga za kutchire inafika kwathu, bambo a ana anatengedwa kuusilikali, chulu chili chikhalire. Ine sindinasiye. Palibe anandiuza kuti ndisiye, ndipo manja anali atazolowera.

Mizere inayamba kuchepa. Azimayi a ku Chiputo opita kuchigayo analeka kudutsa. Tsamba la kamiyau linkatha masiku lili mbee, kenako tsiku limodzi n'kudzaza ndi za asilikali a boma, zitatsogozana. Tsiku lawo lodutsira ndinkalidziwa kuposa aliyense m'mudzi, ndipo sindinaganizepo kuti umenewo ungakhale mlandu. Amene sankalephera kudutsa ndi alamu anga, mng'ono wawo wa bambo a ana, popita kukagulitsa fodya panjinga.

Tsono m'mawawo ndinawerenga mchenga monga mwa masiku onse. Mapazi anali ambiri, ena a mabota, ena opanda nsapato, ochokera kutchire n'kubwerera kutchire. Onse analambalala pamalo posesedwapo. Za mina, mabomba okwirira m'misewu, tinkangomva kwa anthu, kuti amafafaniza chonchi pamwamba pake. Linali tsiku la kamiyau za asilikali. Linalinso tsiku lotunga madzi ngati lililonse, ndipo mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu, ankakonda kudumphadumpha pamchenga wosesa kuti andisokonezere mapazi.

Ndinatembenuka. Mwanayo anali akubwera kale, kachitini m'manja, akuthamanga.

"Ima pomwepo."

Sindinakuwe. Mawu anatuluka ngati ndikupempha mchere. Anaima.

Kuseri kwa chulu kunamveka unyolo wa njinga, kenako mawu a alamu anga.

"Alamu, mwandilemba? Lembani kawiri, ndakhuta mbatata lero!"

"Tsikani, alamu. Nyamulani njingayo, mudzere kuseri kwa nyumba."

"Munthu wandevu kusenza njinga? Achimwene angochoka, mwasanduka polisiya?"

Ndinawalozera posesedwapo ndi mlomo. Anatsika mwendo umodzi, kenako winawo, pang'onopang'ono. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anayang'ana kaderno m'manja mwanga.

"Nanga icho?" anatero, mawu ali pansi. "A kutchire akachipeza adzati mumawerengera boma. A boma akachipeza adzati ndinu munauza a kutchire tsiku. Mudzayankha chiyani?"



Tinasolola nthambi zaminga pakhola la mbuzi, n'kuziyala chapatali mbali zonse za malowo, ngati zagwa pangolo. Alamu anati auza anthu khomo ndi khomo, ndipo akadikira makamiyau kutsogolo kuti awaimitse. Koma okwirirawo akadzabwera kudzaona chomwe chalepheretsa, adzafunsa kuti amayang'ana mchenga umenewu ndani. Mudzi wonse unkadziwa. Ngakhale ana.

Ndinalowa kukhitchini, ndinang'amba kaderno tsamba ndi tsamba n'kuponya pamoto. Njinga, ngolo, apansi, kamiyau. Zilembo za enjinyeru pachikuto zinapsa pomaliza. Tsache nalo ndinalisonkhezera. Sizinandipweteke. Ndinamanga ufa m'kansalu, poto mmodzi, bulangete.

Ng'ombe za anansi athu zinali zikutuluka kupita kudambo, mbali yolowera ku Zambia, komwe kunali azakhali anga. Msewu sindinaufunenso, ngakhale kanjira koyenda anthu. Ndinang'amba kapulana, nsalu yanga yovala yakale, mbali ina ndinamanga padzanja la mwana, mbali ina m'chiuno mwanga, mfundo ziwiri. Khanda ndinalimangitsa mpaka linadandaula.

"Uziponda pomwe yaponda ng'ombe. Pena ayi. Wamva?"

"Amama, lero simulemba?"

"Lero ayi. Yang'ana pansi."

Tinalowa kumbuyo kwa ng'ombe yomaliza, m'fumbi lake. Ine ndinkaponda m'chiboda, iye n'kuponda m'phazi langa. Akafuna kupatuka ndinkakoka nsaluyo, osatembenuka.