Kangalande ka a Mwangolera

Mukafunsa pa boma la Karonga kuti a Hudson Mwangolera amagwira ntchito yanji, anthu akuuzani kuti amasesa mchenga. Koma eni akewo asakumveni, chifukwa kwa nthawi yaitali ankadzitcha woweruza milandu. Ine ndine Zione, ndimagulitsa zakumwa pa kalabu ya gofu kuseri kwa boma kuno, ndipo mkuluyu ndakhala ndikumuonera pawindo kuyambira ndili mtsikana. Ndikuuzani zonse, bola musakandinenere kwa bwana.

Bwalo lathu la gofu lili pa mchenga wokhawokha. Ukathira madzi n'kutembenuka, upeza pauma kale gwa. Ndiye kalekale, pozungulira dzenje lomwe mpira umayenera kulowa, sankadzalapo kapinga ngati m'mabwalo a ku Blantyre. Ankathirapo mchenga wosefa, wosakaniza ndi oyilo wakuda wa m'malole kuti usauluke ndi mphepo. Mpira wa mlendo ukafika pamenepo, iye ankaima kaye, munthu n'kubwera ndi chipaipi cha mpini wautali, kukoka kuchokera pa mpira mpaka pa dzenje kuti njira isalale. Munthu ameneyo anali a Mwangolera.

Kwawo ndi ku Kaporo. Anakula akusalaza minda ya mpunga, mwakuti diso lawo limaona kutsetsereka komwe ine ndi inu sitingakuone. Chaka china mtsinje unasefukira n'kukwirira munda wawo wonse ndi mchenga, iwo n'kutsika kutauni ndi akazi awo a Hilda, ana ali pambuyo. Kalabu inawapatsa ntchito ndi kanyumba ka malata kuseri kwa khitchini. Amakonda kunena kuti mchenga ndi umene unawalanda munda, ndiye mchenga womwewo uziwadyetsa.

Nthenda yawo inali imodzi basi, moni. Anthu a kuno moni saseweretsa. Munthu amakufunsa mmene wagonera, za ana, za ng'ombe, za mwendo wa azakhali ako, iwe ukungoyankha kuti ena, ena, mpaka dzuwa lakwera. Tsono a Mwangolera anadziikira lamulo lawolawo. Mlendo akawapatsa moni, kaya m'Chitumbuka, kaya m'Chichewa, ngakhale m'Chingerezi cha m'mphuno, iwo ankapendeketsa dzanja pang'ono pokoka chipaipi chija. Pamchenga pankatsala kangalande kosaoneka ndi maso, ndipo mpira unkatsata komweko mpaka m'dzenje. Koma wongoloza ndi ndodo osatsegula pakamwa, ankamusiyira kamtumbira pamlomo penipeni pa dzenje. Mpira unkabwera bwinobwino, kufika pafupi, n'kupatuka ngati waona apongozi.

Ndaona zinthu ine pawindo paja. M'busa wina wa ku Mzuzu, manja onjenjemera, wosatha ndi kugwira ndodo komwe, anatenga chikho chifukwa anafunsa za umoyo wa a Hilda. Ndinamva kuti anakachitira umboni kutchalitchi. Mwini malole wina wa ku Mbeya anangoti shikamoo, moni waulemu wa kwawo, mpira wake n'kulowa uli kutalitali. Mkulu wina wa ku mgodi, wodziwa gofu wa pa kanema, anathyola ndodo yake pabondo n'kubwera kudzamwa mowa ali duu. A Mwangolera nkhope ili phee, ngati sakudziwa kanthu. Ndikawaseka, ankandiuza kuti iwo sabera munthu, amangothandiza mchenga kunena zoona.

Kenako kalabu inagulidwa ndi a Reginald, mwana wa kuno yemwe, koma wokulira m'mizinda, wamalonda ake a mafuta. Tsiku loyamba a Mwangolera anavula chipewa n'kuwapatsa moni wathunthu wa Chinkhonde. Bwanayo anayankha ndi chibwano, foni ili kukhutu. Basitu, mlandu unatha pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo mpira wa a Reginald sunalowepo bwino m'dzenje la mchenga. Ankamenya kawiri, katatu, alendo awo akuyang'ana kumbali kubisa kuseka.

Madzulo ena ndikuwapatsa chakumwa, ndinawamva akuuza anzawo kuti mchenga umenewu ndi wachikale, wauve, wochititsa manyazi pamaso pa alendo, ndipo autha. Sanachedwe. Anaitana katswiri wa ku Joni, anakumba mjigo, anayala mapaipi pansi, anasuntha maenje, anabweretsa dothi lakuda pa malole n'kudzala kapinga wofewa. Malo a mchenga aja ankatha limodzilimodzi. Pa kapinga sipafunika chipaipi, ndipo munthu wopanda ntchito sakhala m'nyumba ya kalabu. Zimenezi aliyense ankazidziwa, ngakhale palibe ankazinena.

Ndinapita kukawauza a Mwangolera kuti amene akuthamangitsa mchengawo ndi iwo eni, ndi timitumbira tawo. Anandiyang'ana, n'kunena kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ndinawayankha kuti mphezi ya ulendo uno ikubwera ndi thirakitala.

Mwayi wake, katswiri wa ku Joni uja anali ndi maganizo ena. Anauza bwana kuti asiye dzenje limodzi la mchenga, lomaliza, la pansi pa mtengo wa mango, chifukwa alendo ochokera kutali amakonda kuona zachikale zomwe kwawo kulibe. A Reginald anavomera monyinyirika. Anati alisewera okha tsiku lotsegulira bwalo, pamaso pa alendo, ndipo likawachititsanso manyazi, m'mawa mwake thirakitala ilowepo.

Ine ndinayesa kuthandiza. Ndinawanong'oneza bwana kuti akafika padzenje paja ampatseko moni mkuluyo, ndi munthu wamkulu. Anandifunsa ngati moni amagwetsa mpira, n'kuseka okha.

Kuseri kwa khitchini nako kunali moto. A Hilda analankhula Chinkhonde chothamanga chomwe ine ndimangotolapo pang'ono, koma pomaliza anasinthira m'Chichewa, mwina kuti nanenso ndikhale mboni.

"Bambo a Lughano, moni timaphika? Mawa mukakoke bwino chipaipicho. Ine ku Kaporo sindibwerera kukalima mchenga."

A Mwangolera anakhala pa mpando akupukuta chipaipi chomwe chinali choyera kale.

Tsiku lotsegulira kunadzaza magalimoto. Alendo a ku Lilongwe, a ku Tanzania, ndi azungu ena omwe anali atachokera ku Uraha kokaona komwe kunapezeka mafupa a anthu akale. Kapinga ali biriwiri, onse akuyamikira. Ine ndinasiya mabotolo n'kukaima pansi pa mango.

Mpira wa bwana unagwera m'mphepete mwenimweni mwa mchenga, kutali ndi dzenje. A Mwangolera anabwera ndi chipaipi chawo, atavala malaya a tchalitchi, n'kuima. Anadikira. Anatsokomola pang'ono. Anayang'ana bwanayo m'maso, kumupatsa mpata wonse womwe munthu angapatse mnzake. Chapatali, pa chingwe choyanikira zovala, a Hilda anali ataima manja ali m'chiuno.

"Changu, madala," anatero a Reginald, maso ali pa mpira.

A Mwangolera anaika chipaipi pamchenga. Anawerama, n'kukoka. Abale inu, kangalande kameneko sindinakaone ndi maso, koma ndinakamva mumtima. Bwana anamenya mokhota ngati mwa masiku onse, mpira n'kudzikonza wokha panjira, kuyenda mwaulemu, n'kugwera m'dzenje.

Anthu anaomba m'manja. A Reginald anakweza ndodo m'mwamba, kuuza alendo kuti mchenga umafuna dzanja lodziwa, ndipo dzenje limeneli silichoka, ndi chuma cha kalabu. Anagwirana chanza ndi aliyense, ngakhale woyendetsa basi ya alendo, n'kudutsa pakati pa mchenga ndi nsapato zawo za minga. A Mwangolera anatsala akufufuta mapazi awo.

Ntchito ilipo mpaka lero, nyumba ilipo, a Hilda anadzala ndi mpiru kuseri. Alendo amajambulitsa ndi mkuluyo atagwira chipaipi. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yatha bwino.

Koma mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina wa ku Zomba, dokotala, wosewera gofu ndi anzake. Atafika pa mango paja anapinda mawondo pang'ono, n'kunena kuti mwaghona, moni wa Chinkhonde, mawu omwe anachita kuphunzira m'galimoto. Anafunsa za ana, anafunsa za kunyumba. Ine pawindo ndinayamba kale kumwetulira. A Mwangolera anayankha zonse mwaulemu, anakoka chipaipi, mtsikanayo n'kumenya. Mpira unadutsa pambali. Anamenyanso, unaperewera. Mchenga unali wosalala ndendende, wopanda kangalande, wopanda kamtumbira.

Zinandipweteka, sindinama. Alendo atachoka ndinawatengera tiyi n'kuwafunsa kuti mwana waulemu chotere walakwa chiyani.

"Sanalakwe, mwana wanga," anatero. "Kangalande kaja kanali ka moni. Ndinakapereka kwa munthu yemwe sadziwa ndi dzina langa lomwe. Ndiye mwana wa eni ake wandigwadira, ine ndimupatse makombo a bwana?"

Anamwa tiyi wawo n'kubwerera pamchenga. A Reginald amabwera Loweruka lililonse, foni ili kukhutu, ndipo padzenje limenelo mpira wawo sunaphonyepo.