Botolo la Kansanza Kofiira

Zimene ndikuuzenizi si zopeka ayi, ndipo amene timapemphera limodzi akhoza kundiikira umboni kuti ine si munthu wokometsa nkhani. Zinachitika masana anthu akuona, mumzinda wa Mzuzu, ndipo mpaka lero ndikaona mankhwala oyera ngati mkaka m'botolo, mtima umayamba kugunda ngati makina anga osokera.

Ndinapita ku Mzuzu kuchokera kwathu kummwera zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipanicho m'thumba. Ndinkachita lendi ku Katoto, ndipo utelala wanga ndinkachitira pakhonde la nyumba yomweyo. Mkazi wanga Mulungu atamuitana, ana anakakhala ndi azakhali awo kumudzi, ine n'kutsala ndekha. Amene ankandisamala anali mayi wa nyumba yoyandikana nayo, Mtumbuka wa mtima wabwino zedi, amene ankalowa m'nyumba mwanga n'kusesa ngakhale ndisanamupemphe. Ine ndinkamuitana kuti amama, iye ankanditi adada atelala.

Nthawi imeneyo ndinkavutika ndi chilungulira. Amene munadwalapo mukudziwa, ukangodya n'kuwerama pang'ono, moto umakwera kuchokera m'mimba mpaka kummero, madzi owawasa n'kudzaza m'kamwa. Nanga telala amasoka bwanji osawerama? Nditapita kuchipatala, adokotala anandifunsa mafunso, anandipima, n'kundilembera mankhwala amadzi, oyera. Achinyamata a lero mwina simungamvetse: masiku amenewo mankhwala amadzi ankakuthirira m'botolo limene wabwera nalo wekha, ndipo ukafika pawindo wopanda botolo ankakubweza. Ambiri tinkatenga la zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kulitseka ndi chitsononkho. Kapepala kamene ankamatapo sikankachedwa kumatuka ndi chinyezi cha ku Mzuzu chija. Adokotala anandiuza kuti ndizikhutchumula kaye, ndizimwa ndi supuni ndikatha kudya, ndichepetse tsabola, tiyi ndi zokazinga, komanso ndisamagone nditangodya. Ndinatsatira zonsezo, ndipo moto uja unayamba kuzima.

Koma m'nyumbamo munali botolo lina. Miyezi ya m'mbuyo ndinatenga mphere m'zala, mwina kuchokera ku zovala zimene anthu ankabweretsa kuti ndigambe, ndipo kuchipatala anandipatsa mankhwala opaka. Anali oyera chimodzimodzi, m'botolo lofanananso! Malemu mkazi wanga anali ndi chizolowezi chomangirira kansanza kofiira pakhosi la botolo lililonse la zinthu zosamwa, kaya palafini, kaya mankhwala opaka, ndipo ine ndinapitiriza mwambowo, mwinanso pofuna kumukumbukira. Botolo la kansanza ndinaliika pamwamba pa kabati, lakumwa pawindo.

Ndinali ndi mnzanga, kalipentala wa ku Mzilawaingwe, mkulu wa mpingo mnzanga, chimunthu chadzitho, choseka mpaka oyandikana nawo kumva. Nayenso ankadandaula za moto wa pachifuwa, koma tsabola ankadya ngati ndiwo, ndipo za chipatala sankafuna kumva. Ankati mzere wa kumeneko umathetsa mitengo yonse ya m'nkhalango ya Viphya usanafike pawindo. M'malo mwake ankamwa mankhwala anga, ndipo ndikamuuza kuti adokotala anapima ine osati iye, iye amvekere Mulungu anatipatsa nthenda imodzi kuti botolo likhalenso limodzi, ndipo anthu akummwera inu ndinu oumira chomene, mpaka kumana mnzanu madzi aulere a boma. Akatero ankalowa yekha, n'kupapira pabotolo pomwepo, za supuni ankati n'za ana.

Tsiku lake linali Loweruka. Sabata yotsatirayo kunkabwera mtsogoleri wa dziko, ndiye amayi ovina anali atandizinga pakhonde, aliyense akufuna chilundu chake ndi bulauzi yake tsiku lomwelo. Wapampando wawo anaima pambali panga manja ali m'chiuno, akundikumbutsa kuti nsalu imeneyi si yocheza nayo. Ndili m'kati mopalasa makina, amama aja anafuula kuti mwana wawo akukhosomola, akupita naye kuchipatala, kodi ndilibe botolo? Ndinayankha osadzutsa mutu kuti alowe ayang'ane okha. Ndinangomva yewo chomene, zikomo wa m'Chitumbuka, akutuluka.

Dzuwa litafika pamutu anatulukira kalipentala uja, atagwira pachifuwa, akuti wadya kondowole ndi usipa wa tsabola ndipo m'kati mwayaka. Anapereka monire kwa amayi onse, anaseka wapampando kuti chilundu chake chitha nsalu ya anthu awiri, n'kulowa m'nyumba. Ndinamva chitsononkho chikuzuka, kenako kunangoti zii.

Abale anga, zimene ndinaona! Anatuluka akudzandira, maso ali psuu, akupala lilime ndi zala, akufunsa kuti adada mwaikamo chiyani umu. Anasanza pa nsalu za anthu, anagwada, thupi lonse n'kuyamba kunjenjemera, kenako chimunthu chija chinangoti khu pansi, miyendo ikuphiriphitha, thovu lili kukamwa. Amayi anabalalika akukuwa. Anthu anathamanga kuchokera kumsewu, m'magolosale, ngakhale oyendetsa njinga anazitaya. Wina ankati mum'mwetse mkaka, wina madzi a mchere, wina akusinja kale makala, winanso akufuna kumulowetsa supuni m'kamwa. Ine ndinangogwada n'kumugwira mutu, ndikutchula dzina la Ambuye, ndikukaniza kuti munthu wosadziwa kanthu asam'mwetse chilichonse, angatsamwe.

Pamenepo ndinamva mawu kumbuyo kwanga akuti mwamva nonse, wafunsa kuti mwaikamo chiyani. Wina anawonjeza kuti anthu obwerawa sudziwa zimene anabwera nazo. Mukudziwa mmene mawu otere amayendera pagulu? Posakhalitsa nkhani inali yakuti telala wamudyetsa mnzake, ati tikulimbirana udindo kumpingo. Mnyamata wina wachipani, amene ndinamusokerapo malaya, anandigwira mkono n'kunena kuti ndisasunthe. Ine mantha anga sanali pa ine, anali pa munthu amene milomo yake inkayamba kuda m'manja mwanga. Ndinawapempha kuti andimange ngati akufuna, koma andimangire kuchipatala, ndipo botololo lipite nafe.

Atanditulutsira botolo lija ndinadabwa. M'mawa ndinalisiya latheka, munthu wamwako ndithu, koma linali lodzazirapo kuposa mmene ndinalisiyira. Mankhwala amaswana kodi? Ndikuvomera kuti kwa kanthawi ndinaganiza za matsenga, ine mkulu wa mpingo.

Mulungu anatumiza lole ya matabwa imene inkadutsa. Amuna anamunyamulira mnzangayo pamwamba, ine ndinakwera ndi mnyamata uja atandigwirabe, wapampando wa amayi anakhala kutsogolo akulamula dalaivala kuti aponde moto. Njira yonse ndinkamuitana mnzanga, ndikumukumbutsa kuti mawa ndi iye woyambitsa nyimbo, asatichititse manyazi.

Kuchipatala anamulandira msangamsanga. Adokotala anatenga botolo, ananunkhiza, anathira pang'ono pachikhatho, n'kunena kuti muli mankhwala a chilungulira inde, koma asakanizidwa ndi a mphere. Anati tachita bwino kubwera nalo, chifukwa tsopano akudziwa chochita, n'kutseka chitseko. Mnyamata uja anandifinya mkono kwambiri, amvekere ndiye kuti munasakaniza dala. Umboni wonse unkaloza ine. M'nyumbamo ndinkakhala ndekha, ndipo mabotolo onse anali anga.

Tinakhala pabenchi pakhonde la chipatala, moyang'anana ndi mzere wa olandira mankhwala. Ndinkapemphera maso ali otsegula, ndipo ndikungoyang'ana mzerewo ndinaona chinthu chofiira chikulendewera. Anali amama aja, mwana ali kumbuyo, akudikirabe pawindo, ndipo m'manja mwawo munali botolo la kansanza kofiira! Ine amene sindikuwa ngakhale poimba, ndinakuwa tsiku limenelo mpaka anamwino anasuzumira. Ndinathamanga ndikumukoka mnyamata wachipaniyo ngati ndine ndamugwira.

Nditawafunsa kumene atenga botololo, anayankha mosatekeseka kuti m'nyumba mwanga, si ndinawauza ndekha? Akuti lopanda kanthu sanalipeze, koma anaona awiri otheka, onse oyera, onse a kuchipatala, ndiye anaona kuti n'kulakwa kutaya mankhwala a adada, anangothira a pakabati m'la pawindo, n'kutsuka linalo bwinobwino. Kansanzako ankayesa ndi kogwirira. Nditawauza amene wagona m'chipindamo, anakhala pansi pa simenti manja kumutu, akulira m'Chitumbuka kuti apha munthu. Mnyamata uja anandisiya mkono mwakachetechete. Wapampando, amene m'lole muja sanandiyang'ane n'komwe, ndi amene anayamba kulengeza kwa onse kuti iye anadziwiratu kuti atelala sangachite zotero.

Koma mnzanga anali adakali m'kati. Anamutsuka m'mimba ndi paipi, anamuika diripi, ife tili panja, amama akusisima, ine ndikuwatonthoza kuti anachita zimenezo ndi mtima wabwino. Dzuwa litapendeka namwino anatiitana. Tinamupeza maso ali otsegula, mawu atasasa. Anandikodola, ndinawerama, iye n'kunong'ona kuti adada, mankhwala anu ndi amphamvu chomene, tsopano m'mimba mwanga mphere sizidzalowamo mpaka kufa. Ndinaseka ndikulira, ndipo amama anagwada pambali pa bedi akungoti yewo, yewo Chiuta.

Asanamutulutse anamupima bwinobwino, n'kupeza kuti wake sunali moto ngati wanga chabe, anali ndi zilonda za m'mimba, ndipo anamupatsa mankhwala akeake ndi malangizo akeake. Mzere umene ankauthawa uja anayamba kuima mwezi ndi mwezi, botolo lake lili kukhwapa. Ine ndinaganizira pambuyo pake kuti ndikanakhala ndi mpata wodya masana amenewo, supuni ya mankhwala omwewo ikanalowa m'kamwa mwanga.

Lero ndimakhulupirira kuti panalibe mfiti, panalibenso munthu woipa. Panali mayi wosafuna kuwononga, bambo wosafuna mzere, ndi chizindikiro chimene tinkachidziwa anthu awiri okha, mmodzi ali kumanda. Mulungu anatichitira chifundo tonse. Ndiye inu amene mukudwala chilungulira, pitani akakupimeni, imwani muyezo umene akuuzani, ndipo mankhwala a mnzanu musiyireni ngakhale nthenda ikuoneka yofanana. Musasakanize mankhwala, musawasamutsire m'botolo lina, opaka muziwaika kutali ndi akumwa, ndipo wina akamwa zolakwika thamangani naye kuchipatala pamodzi ndi botololo. Kansanza kofiira ndimamangabe mpaka pano, koma aliyense wolowa m'nyumba mwanga, asanakhale n'komwe pampando, ndimayamba ndamuuza tanthauzo lake.