Madzi Odya Mkuwa ndi Mawu a Bambo Anga

Bambo anga anali mwazini wa mzikiti waung'ono wa kwathu, kufupi ndi pa Nkaya pomwe njanji zimapatukana. Ntchito yawo inali kuitanira anthu ku swala, mapemphero athu a Chisilamu, ndipo anaiyamba ine ndisanabadwe. Ndili mtsikana, mawu awo ankadumpha njanji n'kukafika mpaka ku minda ya thonje. Amayi ankakonda kunena kuti ngakhale mbuzi za kwathu zinkadziwa nthawi.

M'zaka zija nkhondo ya ku Mozambique itachepetsa masitima, mawuwo anayamba kutha. Ankaima pamalo pawo, manja m'makutu, misempha ya m'khosi ili tototo, koma amene ali pa mjigo osamva kanthu. Akuluakulu a mzikiti anawayankhula mwaulemu ndithu: Ramazani ikatha, ntchitoyo asiyire wina wa chifuwa chatsopano. Bambo anavomera ndi pakamwa pokha. Kuyambira tsiku limenelo chakudya ankangochigwiragwira n'kusamba m'manja.

Ine nthawi imeneyo ndinali pabanja ku Balaka. Amuna anga ankakonza mawailesi m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba yathu ya lendi, kuseri kwa msika. Anali munthu wosayankhulayankhula, koma makani ake ndi Mulungu yekha ankawatha. Nditawafotokozera za bambo, ndikupukuta misozi, iwo anangoti, "Ngati vuto ndi mawu, mawu amakuzidwa."

Chimkuzamawu masiku amenewo tinkachionera ku misonkhano ya chipani ndi ku mishoni. Chogula sitikanachitha. Iwo anati apanga okha. Lipenga lake anali nalo kale, lochokera pa galimoto ina yakufa, ndipo tizipangizo tina anazula m'mawailesi owonongeka. Poyamba analumikiza zonse ndi mawaya pathabwa, koma chinthucho chinkangolira ng'ung'ung'u, mawu a munthu n'kumira momwemo. Choncho anati pafunika bolodi yeniyeni, ngati zija timaziona m'kati mwa wailesi.

Anandilongosolera ine ndikusenda chinangwa. Bolodi imabwera mbali imodzi itakutidwa ndi mkuwa wopyapyala. Umajambulapo ndi penti tinjira tomwe magetsi azidutsamo, kenako n'kuiviika m'mankhwala amene amadya mkuwa wonse wosapakidwa, tinjira tokha n'kutsala.

"Madzi adye chitsulo?" ndinatero. "Inu, wailesi zakuzunguzani mutu."

Mnzawo wina wa ku Blantyre anawatumizira bolodi imodzi yokha ndi kabotolo ka zibulumwa zachikasu. Atazisungunula zinasanduka madzi a mtundu wa tiyi wopanda mkaka, onunkha dzimbiri. Anali ochepa. Akatayika, kunalibe kokatenga ena, ndipo bolodi ikawonongeka, nkhani ya bambo yathera pomwepo.

Oyamba kulangidwa ndinali ine. Pofuna kuyesa mphamvu ya madziwo, anathira pang'ono m'mbale yanga yachitsulo yamaluwa, ya paukwati. Mbaleyo inali ndi kachilonda pansi pomwe utoto unasupuka. Pobwera kumsika ndinapeza kachilondako kasanduka bowo, madzi atadontha pa simenti n'kusiya banga lomwe eni nyumba anatikumbutsa mpaka tsiku losamuka. Ndinakalipa, inde, mpaka oyandikana nawo anasuzumira. Koma nditatsala ndekha ndinanyamula mbale ija n'kuyang'ana dzuwa kudzera pa bowolo. Ndinali ndisanaonepo madzi akuboola chitsulo.

Ndinawauza kuti agule beseni la pulasitiki. Anakana. Anati m'beseni madzi ochepa chotero angonyowetsa pansi, ndiponso bolodi ikagona, zinyalala za mkuwa zimakhala pamwamba pake, madzi n'kudya mosiyanasiyana. Ankafuna kathanki koimirira, kopyapyala, ka magalasi awiri oyang'anizana, kuti aziona ndi maso zomwe zikuchitika n'kuvuula bolodi nthawi yake isanapitirire. Magalasi anadulitsa kwa wopanga mawindo, pamodzi ndi timizere tagalasi toika m'mbali ndi pansi. Zonse zinakwana bwinobwino. Chinatsala n'chomatira.

Apa ndi pomwe Ramazani yathu inathera. Sankayerekeza kuthira madzi onse m'thanki yosayesedwa, ndiye ankamata tizidutswa tiwiri tagalasi ndi guluu amene akumuyesa, n'kutiika m'kabotolo kokhala ndi madontho a mankhwala aja. Pawindo panadzaza timabotolo. Guluu wa akalipentala anasanduka phala. Sulushoni womatira machubu a njinga anapirira pang'ono, kenako anasupuka yekha. Pate womatira magalasi a m'mawindo anafumbutuka. Guluu wina wodula, wa timachubu tiwiri tosakaniza, amene anamudalira kwambiri, anagwira mpaka iwo anayamba kuimba nyimbo, koma madzi anapeza njira pakati pa iye ndi galasi, n'kukwawa pang'onopang'ono mpaka tizidutswa tinalekana. Ngakhale ulimbo wa mbalame unayesedwa. Ine ndinawafunsa ngati ndiphike phala la chinangwa kuti nalonso lipatsidwe mwayi.

Zonsezi ankachita chitseko chili pululu. Masiku amenewo munthu wotsekera mawaya m'nyumba ankatha kunenedwa kuti akupanga wailesi yoyankhulira ndi adani a boma. Achinyamata a chipani akamadutsa kufunsa makadi, iwo ankawaitana okha kuti aone. "N'za mzikiti izi, achimwene," ankatero, ndipo anyamatawo ankanunkhiza timabotolo n'kuchoka atakwinya mphuno.

Pakati pa mwezi ndinakwera sitima kukaona makolo. Nthawi ya futari, pomasula kusala, bambo anamwa madzi n'kuluma kambatata kamodzi basi. Nditawauza zomwe mkamwini wawo akuchita, anayang'ana kumbali.

"Muwauze asadzivutitse," anatero. "Mawu akatha, atha."

Koma pondiperekeza ku siteshoni, titatsala awiri, anafunsa chapansipansi, "Chinthucho chimamveka mpaka pati?"

Ndinabwerera ku Balaka mtima uli m'mwamba. Ndinapeza amuna anga atakhala pakhomo, timabotolo tonse titalephera, mankhwala m'botolo lalikulu atatsika ndi zoyesayesa zija. Sindinafune kulowa m'nyumba. Pakhonde panali batire lakale la galimoto, lakuda, lomwe linafa kale ndipo tinkatsekerezera chitseko. Ndinakhalapo, n'kuyamba kuwawerengera zonse: mbale yanga, simenti ya eni ake, bambo anga akuwonda. M'mawa mwake, pochapa, ndinapeza chitenje chomwe ndinakhalira chija chili ndi mabowo kumbuyo. Asidi wa m'batire anali atatuluka pa kachivindikiro kena n'kuchidya.

Ndinachitenga chinyowere n'kukawaponyera amuna anga pamiyendo.

"Onani! M'nyumba muno chilichonse n'chodya zinthu. Ichi chadya nsalu yanga. Bwanji osadya chikopa chake chomwe, tipume?"

Anayang'anitsitsa mabowowo. Anadzuka, napita pakhonde, nagwada pa batire lija. Mabatire a nthawi imeneyo pamwamba ankamatidwa ndi phula lakuda. Anakanda phulalo ndi chikhadabo. Linali litakhala ndi asidi zaka ndi zaka, koma linali gwa, losasupuka paliponse. Ananditembenukira nkhope ikuwala ngati ndawauza mawu achikondi, pomwe ine ndinali ndisanamalize kukalipa.

Anagoba phulalo ndi mpeni n'kulisungunula m'chitini pa mbaula. Fungo lake linathamangitsa nkhuku za oyandikana nawo. Nalonso linayamba layesedwa m'kabotolo, ndipo tinadikira mosaleza mtima. Tizidutswa sitinalekane. Ndiye anatsuka magalasi ndi sopo, nawayanika padzuwa kuti afunde asasweke, napaka phula lotentha m'mbali ndi pansi, napanikiza, namanga kunja ndi malegeni. Kathankiko kanatuluka konyansa, kakuda m'milomo. Anathiramo madzi a pampopi n'kukaimika pa pepala loyera. Pepala linakhala louma.

Tinjira anajambula ndi penti wakuda wa njinga, ndi nthenga ya nkhuku yosongola, lilime lili panja. Tsiku loviika, kathanki anakakwirira matako mu mchenga wonyowa pamthunzi, poopa kuti dzuwa la Balaka lingafewetse phula. Botolo la mankhwala analifunditsa m'madzi otentha. Ananena bisimilahi, nathira onse, mpaka dontho lomaliza. Kenako anatsitsa bolodi pa ulusi.

Ndinagwada pambali pawo. Poyamba sipanachitike kanthu, ndipo ndinayamba kukonza mawu oti ndiwanene. Kenako m'mphepete mwa bolodi mkuwa unayamba kuzimirira. Panalibe moto, panalibe phokoso, palibe dzanja linkaukhudza. Unkangochoka, timitambo takuda tikutsika pang'onopang'ono kupita pansi. Iwo ankagwedeza ulusi mofatsa. Kuwala kunayamba kudutsa pomwe panali chitsulo, ndipo tinjira tija tinayamba kuonekera tokha, tokhotakhota, kalikonse pamalo pake. Madzi omwe anaboola mbale yanga ankafika pa mzere wa penti wojambulidwa ndi nthenga n'kuima. Ankafika pa phula n'kuima. Ndinachita mantha, mantha okoma, aja amakugwira ukaona mwana akubadwa. Ndinadzifunsa kuti anawauza ndani madziwa choti adye ndi choti asiye. Maso anga ankathamangira pansi pa thanki kukafuna dontho, koma mchenga sunasinthe mtundu.

Atavuula, anatsuka bolodi, nachotsa penti ndi palafini. Tinjira ta mkuwa tinang'anima. Amuna anga, munthu wosalira pamaliro, anapukuta m'maso ndi phewa.

Kuboola timabowo ndi kuwotcherera zipangizo kunatenga masiku otsala. Tinafika pa Nkaya Ramazani ili kumapeto, titanyamula bokosi lathabwa, lipenga ndi batire lamoyo lobwereka. Lipenga analimangirira pa mtengo wa mango wa pamzikiti. Bambo ankaonerera chapatali, manja kumbuyo, ngati sizikuwakhudza. Mkamwini wawo anawagwadira n'kuwapatsa choyankhulira.

"Musakuwe, apongozi. Muziyankhula ngati mukuyankhula ndi ine."

Kenako anandiuza kuti ndipite kutali ndikamve pomwe mawu akulekezera. Ndinatsata njanji mpaka kumunda kwathu, komwe amayi ankatola thonje ndi amayi ena. Kumeneko mawu a bambo anali atasiya kufikako kwa zaka. Dzuwa linali litapendeka, nthawi ya swala ya madzulo itayandikira. Sindinawauze kanthu amayi. Ndinangotenga thumba n'kuyamba kutola nawo.

Choyamba kumveka chinali kakhosomo, bambo akukonza kukhosi. Kakhosomo kaja ndinakadziwa kuyambira ndili wakhanda, koma tsopano kanachokera kumwamba, kodzaza munda wonse. Azimayi onse anaweramuka. Kenako anabwera mawu. Allahu akbar. Anadutsa pamwamba pa thonje, nawoloka njanji, nakagunda mabogi omwe anaima pa siteshoni n'kubwerera. Ndinaganiza za tinjira tija, topyapyala kuposa udzu, kuti mawu a bambo anga akuyenda mmenemo.

Koma makina aja sankadziwa kunama. Ine mumtima ndinkayembekezera mawu a kale, a ubwana wanga. Amene anafika anali a nkhalamba, onjenjemera, othyoka pakati. Ndipo pakati pa mawu ndi mawu pankamveka china chomwe munthu sakanachimva ngakhale atakhala nawo pamphasa imodzi: mpweya ukulowa movutika, ukulira mluzu m'chifuwa, ukukoka ngati mjigo wopanda madzi. Lipenga linakuza zonse mofanana.

Ndinaopa kuti wina aseka. Palibe anaseka. Mayi wina anatula thumba lake n'kuyamba kuyankha mawu a azana, kuitana kwa swala kuja, chapansipansi, ena n'kutsatira. Patali ndinaona amuna akutuluka m'minda kulunjika ku mzikiti, ena omwe anali atazolowera kuswalira kunyumba.

Amayi anga anaima chilili, thonje lili m'manja, mpaka azana inatha. Sanayang'ane kumzikiti. Anayang'ana ine.

"Wamva?" anatero.

"Ndamva, amayi. Afika mpaka kuno."

"Iyayi. Chifuwacho. Usiku amagona chondifulatira, ine kumati ndi mkwiyo wa ntchito." Anaika thonje lija m'thumba mosamala. "Kani amandibisira chimenechi."

Akuluakulu a mzikiti sanatchulenso za munthu wina. Bambo anayambiranso kudya, ndipo anayamba kumusungira mkamwini wawo chiwindi cha mbuzi. Phula lija silinadonthe, bokosi lija silinavute. Anaitana swala nyengo yonse yozizira, n'kudutsa chilimwe, ndipo midzi yonse yozungulira inkamva mluzu uja ukukula sabata ndi sabata. Amayi anasiya kupita kumunda wa kutali. Nthawi ikakwana ankakhala pakhonde, chilichonse chili m'manja atachiika pansi, osamvetsera mawu koma mpweya wa pakati pake. Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina masana lipenga linakhosomola ndi khosi la munthu wina, ndipo anthu a m'minda anadziwa asanauzidwe kuti bambo atisiya.