Nsomba yotuwa ndi mapiritsi a Esinati

Lachiwiri mwana wanga Yohane anabwera ndi nsomba youma gwa ndi ayezi, akuti yachokera kunyanja yamchere, kummwera. Ine sindiphika nsomba ndisanaitsegule kumakutu, pamene imapumira. Pakafiira, ili bwino. Iyi panali potuwa, timagazi take ngati madzi otsukira nyama.

Ndinaona mochedwa. Mkazi wake Esinati, amene ali ndi pakati, anali atakazinga kale mchira n'kudya.

Inu a kuno kulokeshoni ya Mufakose mukudziwa zimene zikunong'onedwa m'nkhondo ino, zakuti zakudya zina akumazithira poizoni. Ndinaponyera kachidutswa mphaka wa aneba, sindibisa. Mutu ndinaukulunga m'pepala, ulendo kwa a Banda, aphunzitsi a sayansi a mumzere mwathu. Sindiwakhulupirira bambo amenewa, amaseka ndi aliyense, ngakhale apolisi. Koma ndikanapita kuti?

Anaununkhiza mutuwo.

"Mayi, yawola?"

"Ikanawola ndikanabwera? Magazi ake ali kuti?"

Anaseka, monga mwa masiku onse. Akuti ayezi amatuwitsa, komanso nsomba zambiri za m'madzi ozizira zimakhala ndi magazi opyapyala. Chimene chimafiiritsa magazi, akuti, ndi himogilobini: timagawo tinayi togwirana, kalikonse kali ndi kachitsulo kogwira mpweya n'kuupititsa m'thupi monse. Madzi ozizira amasunga mpweya wambiri, ndipo magazi okhuthala savuta kulimba pozizira, ndiye nsombazo zimangokhala ndi ochepa.

"Kummwera kwenikweni kuli ina yopanda chofiira n'komwe, ndipo ikusambira bwinobwino."

"Ndiye munthu naye angakhale ndi ochepa?"

Apa sanaseke.

"Munthu si nsomba, mayi. Makamaka wapakati. N'chifukwa chake kukiliniki amapereka mapiritsi a chitsulo aja."

Mapiritsi a Esinati anali m'sutikesi mwanga sabata yachitatu. Anesi atamuuza kuti magazi ndi ochepa, ine ndinamulanda, poti kumusika ndinamva kuti boma likufuna kutitseka mimba tonse. Mwana wa eni ake ankapuma wefuwefu pochapa, ine n'kumati ndi ulesi wa ana a m'tauni.

Ndi angati a ife amene tikuchita zomwezi? Mantha athu ali ndi chifukwa, zimenezo musandiuze. Taona zambiri. Koma tafika pokhulupirira mayi wogulitsa tomato amene anamva kwa mlamu wake, n'kumaopa kufunsa munthu amene anaphunzira chinthucho. Kukayika ine sindisiya. Chimene ndaphunzira n'chakuti ukakayika, nyamula mutu wa nsombayo ukafunse, usangobisa m'sutikesi.

Ndinatenga botolo la mapiritsiwo n'kubwerera kwa a Banda kuti andiwerengere zolembedwapo. Kenako ndinakafunsanso nesi wina wa kutchalitchi kwathu, amene sadziwana nawo. Mawu awo anafanana.

Esinati ndinamupatsa ndekha, ndi madzi m'kapu.

"Amayi, si aja munati ngoipa?"

"Imwani, apongozi. Mafunso mawa."

Akumwa tsiku lililonse, ine nditaima pomwepo. Nsomba ija sinamuchite kanthu, ndipo dzulo mwana anamenya m'mimba mpaka ndinaona diresi likugwedezeka. Ndinakhala pansi n'kupuma.

Mphaka uja naye ali moyo. M'mawa uliwonse akumakhala pakhomo panga, kundiyang'anitsitsa. Ameneyo ndiye sindinamukhulupirirebe: akufuna nsomba, kapena wamutuma ndani?