Kagetsi ka Difuloko pa Galimoto ya anyaShaba

Tayerekezani kuti ndi m'mawa wa mwezi wa Julaye m'mphepete mwa nkhalango ya Luwawa. Chifunga chakuta mitengo ya paini, mvula yowaza yakhala ikugwa sabata yonse, ndipo msewu wa dothi lofiira auwononga malole a matabwa. Pakhomo pa sukulu yathu paima Land Cruiser yoyera, yakalekale, injini ikulira. Mayi wamfupi, wovala jekete yachimuna pamwamba pa chitenje, akuizungulira uku akuponda tayala lililonse ndi chidendene. Amenewo ndi a Felesta Shaba, omwe tonse kuno timawatchula kuti anyaShaba.

Anabadwira kufupi ndi Manyamula m'banja la ana aakazi okhaokha, choncho ng'ombe za bambo awo ankaweta ndi iwo. Asanamalize pulayimale anali atadziwa kale kumanga ng'ombe pagoli ndi kuyendetsa ngolo. Anakwatiwa ndi a Goodluck Ziba, amene amagwira ntchito ku Joni monga amuna ambiri a ku Mzimba. Chaka china a Ziba anabwera ndi galimotoyi n'kuisiyira mng'ono wawo, koma nayenso sanachedwe kulowera komweko. Galimoto inakhala pansi pa mtengo mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Apa m'pamene anyaShaba anapita ku boma kukaphunzira kuyendetsa, nabwerako ndi laisensi. Kuyambira pamenepo amanyamula matabwa, chimanga, odwala ngakhalenso akwati.

Chinthu choyamba chomwe anachita atalowa m'galimotomo chinali kumatula tizidutswa ta tepi yakuda pa dashibodi. Amuna awo anali ndi chizolowezi chakuti kagetsi kochenjeza kakayaka, amangokamata kuti kasawasokoneze. Mpukutu wa tepiyo anausiya m'kabokosi ka kutsogolo.

Sukulu yathu ilibe labotale, motero ana a Fomu 4 amakalembera mayeso a sayansi ochita ndi manja kusukulu ina ya kumsewu waukulu. Wochedwa salowa, ndipo amene sanalembe amadikira chaka chamawa. M'mawa umenewo anawo anakhala kumbuyo atafunda zitenje, ine mphunzitsi wowaperekeza ndinakhala kutsogolo.

Pa chikweza china, matayala anayamba kungozungulira m'matope. AnyaShaba anaima n'kupotoza swichi ya difuloko, kagetsi kake kanayaka, ndipo galimoto inakwera bwinobwino. Za difulokoyo anali atandifotokozerapo kale. Ng'ombe ziwiri zikamakhota ndi ngolo, yakunja imayenda mtunda wautali, yamkati waufupi. Matayala akumbuyo nawonso amatero. Difuloko imawamanga pamodzi kuti azizungulira mofanana. M'matope zimenezi zimathandiza, koma pa tala, pomwe tayala siliterereka, ukakhota ali omangidwa umathyola ekiselo, chitsulo cholumikiza matayalawo.

Titafika pouma anabweza swichi ija, koma kagetsi sikanazime. Anayenda pang'onopang'ono akukhotetsa chiwongolero uku ndi uku. Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kagetsi kanali phee, kakuyakabe. Tala inali pafupi, ndipo kuchoka apo msewu ndi wokhotakhota.

"Amama, taimiranji?" anafunsa Monalisa, mtsikana wa m'kalasi mwanga amene sasunga mawu. "Kapena mukufuna tilembere pompano, mitengoyi ikhale otiyang'anira?"

"Khala chete iwe. Kodi si paja umafuna unesi? Wodwala akamabuula udzamutseka pakamwa?"

Anaimbira foni amuna awo, n'kuiika poti tonse timve.

"Adada a Keith, kagetsi ka difuloko kakukana kuzima."

"Kamanama kameneko, anyaShaba! Ine ndinayenda nako kuchoka ku Joni mpaka kwathu. Tepi ili m'kabokosimo. Matanipo, mbwenu muzipita."

"Nanga ngati lero kakunena zoona?"

"Inunso mumakonda kufunsa ngati apolisi a pa bodala."

"Yewo, tamva," anatero anyaShaba, n'kudula foni.

Ananditembenukira. "Aphunzitsi, apa pali ziwiri. Mwina kagetsi kakunama, matayala amasuka kale. Mwina kakunena zoona. Tikalowa pa tala osadziwa, ekiselo ikathyoka, anawa lero salemba. Ndipatseni kanthawi, ndapota."

Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana ana, kenako ndinavomera.

Pambali pa msewu panali bwalo la dothi lolimba pomwe ocheka matabwa amapakirira malole. AnyaShaba anatitsitsa tonse, nakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, n'kuzungulira bwalolo pang'onopang'ono. Galimoto inkanjanja ndipo kumbuyo kunkamveka kukwekwesa. Atatsika anaitana anawo kuti adzaone mapazi a matayala. Tayala lamkati linali litakanda dothi n'kuliunjika m'mbali.

"Mwaona? Ng'ombe yamkati ikukokedwa mokakamiza. Kagetsi sikakunama."

Kuseka konse kunatha. Allan, mnyamata wamkulu m'kalasimo, ananena kuti bola ayambe kuyenda wapansi. Ndinamuuza kuti wapansi akafika anzake akutuluka.

AnyaShaba anayambira pa chosavuta. Anatsegula bokosi la mafyuzi, nazula ya difuloko, naiyang'ana pa kuwala. Inali yabwinobwino. Kenako anandipempha kuti ndizipotoza swichi iwo ali kumbuyo kumvetsera. Pa ekiselo pali kamota kamene kamamanga ndi kumasula difuloko, ndipo kakamagwira ntchito kamalira pang'ono. Ndinapotoza, koma kunali zii.

"Ndiye kuti moto sukufika," anatero.

Anayala thumba pansi, namanga bwino chitenje, n'kukwawira kunsi kwa galimoto. Tinkangoona nsapato zawo za pulasitiki. Patapita kanthawi anatulutsa dzanja litagwira kachidutswa ka khungwa la thabwa. Kanali katakodwa pa mawaya pamene tinkalimbana ndi matope paja, n'kudula waya mmodzi wopita ku kamota. Waya wa kagetsi anali wosaduka, n'chifukwa chake kankanenabe zoona.

"Monalisa, tanditengera tepi ya adada a Keith m'kabokosimo."

"Ndiye mwagonja, amama? Mukukamata kagetsi?"

"Bweretsa kuno, nesi wamwano iwe."

Anasenda nsonga za waya ndi mpeni, nazipotera pamodzi, nazikulunga ndi tepi ija. Anachotsanso matope pa pulagi. Nditapotoza swichi, pansi panamveka kulira kwa kamota. Anatuluka msana wonse uli wofiira ndi dothi, nalowa m'galimoto n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kunamveka kuti go, kagetsi n'kuzima.

Ana anayamba kulimbirana kukwera, koma iwo anawaletsa. Anazunguliranso bwalo lija kaye. Ulendo uno galimoto sinanjanje, ndipo matayala anasiya mizere yosalala. Pamenepo m'pamene anati, "Tiyeni."

Tinafika oyang'anira mayeso akuwerenga mayina pakhomo. Ana anathamanga osatsanzika n'komwe, kupatula Monalisa amene anacheuka n'kukuwa kuti, "Yewo chomene, amama!" AnyaShaba anapempha madzi kwa mlonda kuti asambe m'manja, kenako anapitirira ku boma kuti amakanika akalumikize waya uja ndi mtovu ndi kumumangirira pamwamba, poti mitengo isamufikenso.

Masiku ano amayendabe msewu womwewo, ndipo Keith, mwana wawo amene tsopano amawathandiza kuyendetsa, anamuuza kuti tsiku lomwe adzamate tepi pa dashibodi adzabweze makiyi. Ana onse amene anakwera galimoto ija m'mawa umenewo analemba mayeso awo, ndipo ekiselo yakumbuyo ikadali yomwe inachokera ku Joni.